Sitolo ya M'foni Ilankhule Chiyankhulo cha Wogula: Maganizo Anga pa Malonda a pa Ulongwe

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi amadziwa kuti minibasi ikangoima pa Ulongwe, malonda amalowera pa zenera. Malowa ali m'boma la Balaka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kalembo. Boma la Balaka linapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998, n'chifukwa chake akuluakulu ena mpaka lero amanena za Ulongwe ngati dera la Machinga. Pamalopa pali magolosale, mashopu a zipangizo zomangira nyumba, ogulitsa mbewu ndi feteleza, amayi a nsomba zochokera ku nyanja, anyamata a kabaza, ndiponso timatebulo ta maejenti otumiza ndi kutapitsa ndalama pa foni. Ndi pomweponso pamene alendo ena amapatukira akamapita kukaona nyama ku Liwonde National Park kudzera kumadzulo kwa mtsinje wa Shire. Ine ndinakulira m'dera limeneli, ndipo m'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza maganizo anga pa luso lina la pa intaneti limene akatswiri amalitcha progressive web app, mwachidule PWA. Ndikukhulupirira kuti luso limeneli likuyenerana ndi wamalonda wa pa Ulongwe kuposa mapulogalamu akuluakulu amene timatsitsa ku Play Store. Komabe ndikutsutsa amene amaganiza kuti luso palokha lidzabweretsa ogula. Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya chiyankhulo, ndipo mbali imeneyo ili m'manja mwa ife ophunzira za ziyankhulo, kaya tikufuna kaya sitikufuna.

Tiyambe ndi kumvetsa chinthucho. PWA ndi tsamba la pa intaneti limene linamangidwa mwanjira yoti lizigwira ntchito ngati pulogalamu ya m'foni. Dzinali analipereka Frances Berriman ndi Alex Russell m'chaka cha 2015, pa nthawi imene Russell ankagwira ntchito yokonza Chrome ku kampani ya Google. Munthu amatsegula tsambalo pongodina linki imene mnzake wamutumizira. Akalikonda, amaika kachizindikiro kake pa sikirini ya foni pamodzi ndi mapulogalamu ena onse. Chinsinsi chake chagona pa kapulogalamu kakang'ono kotchedwa service worker, kamene kamakhala pakati pa tsambalo ndi netiweki ngati mlonda wa pachipata. Tsiku loyamba kamasunga m'foni zithunzi, mayina a katundu ndi maonekedwe a tsambalo. Mawa lake munthu akatsegulanso, kamapereka zimene kanasunga zija n'kungopempha ku intaneti zokhazo zimene zasintha. Netiweki ikathawa, tsamba limatsegukabe. Kapulogalamu komweka ndi kamene kamalola kuti mwini sitolo atumize uthenga wachidule ku foni ya wogula, monga wonena kuti mbewu yafika, ngakhale wogulayo asanatsegule tsambalo.

Amalonda akuluakulu a m'mayiko ena anaona msanga phindu lake. Kampani ya Flipkart ya ku India inatsegula Flipkart Lite m'chaka cha 2015. Ku Nigeria, kampani ya Konga inachita chimodzimodzi mu 2016, ndipo lipoti limene Google inatulutsa linati potsegula koyamba, tsamba la Konga linkadya data yochepa ndi 92 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi pulogalamu yawo yotsitsa. Mu 2017 kunabwera Twitter Lite, imene kukula kwake sikunkafika ngakhale megabayiti imodzi. Ziwerengero zoterezi ndimaziwerenga mochenjera, popeza amene amazilengeza ndi omwewo amene akutsatsa lusolo, ndipo wogulitsa sanena kuti nsomba yake yagona. Koma ngakhale titazidula pakati, mfundo yake ikuimabe: tsamba lopepuka limafika kumene pulogalamu yolemera siifika.

Kwa munthu wa ku Lilongwe amene ali ndi intaneti ya ku ofesi, kusiyana kumeneku n'kosaoneka. Kwathu kumaoneka m'thumba. Mafoni a tachi amene anthu ambiri amagula ndi otsika mtengo, ena ndi akaunjika ochokera ku Joni, ndipo malo osungira zinthu amakhala ochepa. Ndaonapo mlamu wanga akufufuta zithunzi za chinkhoswe kuti apeze malo oikapo pulogalamu imodzi. Kodi munthu wotere angatsitse pulogalamu ya sitolo ya zitsulo, ina ya wogulitsa feteleza, inanso ya malo ogona alendo? Sangatero. Bandulo imene wagula ndi ndalama ya ndiwo sangaithere pa chinthu chimene adzachigwiritse ntchito kawiri pa chaka. Nawonso magetsi sitingawadalire nthawi zonse. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, pamene madzi anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo munthu amene amalipira kuti atchajitse foni pa msika safuna pulogalamu yomwa batire. Kumbali ya mwini bizinesi, PWA imatanthauza kulipira mnyamata mmodzi kuti amange tsamba limodzi lotseguka pa foni ya mtundu uliwonse ndi pa kompyuta, m'malo momanga pulogalamu ya Android payokha ndi ya iPhone payokha, n'kumadikira kuti eni Play Store avomereze.

Kodi wogula wake ndani? Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa mayi wogula mulu wa tomato safuna tsamba la pa intaneti. Tomato ali pamaso pake, amamugwira, amanenerera mtengo, amapempha banyira. Wogula amene ndikumuganizira ndi amene ali kutali ndi katundu. Woyamba ndi mbale wathu wa ku Joni. M'maboma a Mangochi, Machinga ndi Balaka n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mnyamata amene anapita ku South Africa, ndipo ambiri a iwo loto lawo ndi nyumba ya malata kumudzi. Amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru kapena njira zina, n'kuuza m'bale wawo kuti akagule simenti. Nkhani za mabanja amene anadana chifukwa cha matumba khumi amene anasanduka asanu ndi limodzi tonse tinazimvapo. Ngati shopu ya zipangizo ya pa Ulongwe ili ndi tsamba loonetsa mtengo wa thumba la simenti, lata la mafiti khumi ndi kilogalamu ya misomali, munthu wa ku Johannesburg akhoza kuona yekha, kusankha, kulipira ku shopu mwachindunji, m'bale wake n'kungopita ndi ngolo kukatenga. Apa mwini shopu wapeza kasitomala wodalirika, ndipo banja lapulumuka ku mlandu. Wachiwiri ndi mlimi wa m'midzi ya kutali ndi msewu, amene amalipira kabaza kupita pa msika kukafunsa mbewu n'kupeza kuti sinafike. Uthenga umodzi wa pa foni ukanamusungira ndalama ya ulendo wonse. Wachitatu ndi mphunzitsi kapena namwino wa m'deralo amene amalandira malipiro ku banki ndipo amakonda kuyerekeza mitengo asanachoke pakhomo.

Tsopano ndiyenera kuyankha amene angatsutse, pakuti mfundo zawo si zopepuka. Iwo anganene kuti anthu ambiri alibe intaneti. N'zoona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo kafukufuku wa MACRA ndi ofesi ya National Statistical Office wa mu 2019 anapeza kuti anthu ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 15 mwa 100 aliwonse. Foni imene imalamulira msika ndi ya mabatani, ndipo ntchito yaikulu ya ndalama imayenda pa timanambala ta nyenyezi: *211# ya Airtel Money imene inayamba mu 2012, ndi *444# ya TNM Mpamba imene inatsatira mu 2013. Anganenenso kuti amene ali ndi foni ya tachi amagulitsa kale pa WhatsApp ndi pa Facebook, nanga tsamba lina n'lachiyani? Kuwonjezera apo, ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene siitsegula masamba ena. Munthu amalandira linki, amadina, foni n'kungoti zii.

Mfundo yotsirizayi ndi imene imandipatsa maganizo kwambiri, ndipo ndikuvomereza kuti imachepetsa chiwerengero cha anthu amene PWA ingawafikire lero. Koma ndi mfundo yomweyo imene ikuonetsa chifukwa chake tsambalo liyenera kukhala lopepuka zedi, loti bandulo yaing'ono kwambiri ikwanire kulitsegula kamodzi, kenaka lizitseguka lokha. Za WhatsApp, ine sindikuona mpikisano. WhatsApp ndi pocheza ndi ponenerera mtengo, koma si shelefu yabwino. Chithunzi chimene wamalonda waika pa status chimazimiririka pakatha maola 24, ndipo mwini shopu amatopa kuyankha funso limodzimodzi la "zingati?" kambirimbiri pa tsiku. Tsamba likhale shelefu, WhatsApp ikhale pakauntala, Mpamba ndi Airtel Money zikhale kabati ya ndalama. Ndipo m'mudzi foni imodzi ya tachi imatumikira mabanja angapo. Mwana wa ku sekondale amene ali nayo ndiye amawerengera agogo ake ndi anansi awo.

Apa ndi pamene nkhani imafika pa phunziro lathu. Mwana uja akatsegula tsamba, amapeza chiyani? Amapeza "Add to cart", "Checkout", "Submit". Ngakhale amene anafika Fomu 4 amaima kaye pa mawu amenewa, chifukwa si Chingerezi cha m'kalasi koma cha m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America kumene anthu amakankha timangolo m'kati mwa shopu. Wina angati yankho ndi lapafupi, popeza Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, ndipo mu 2024 inawonjezera Chitumbuka. Koma kumasulira liwu ndi liwu ndi kumene kumabala zinthu zoseketsa. Tikati "onjezerani ku ngolo", munthu wa ku Ulongwe aganiza za ng'ombe ziwiri ndi goli. Chimene iye amanyamula popita ku msika ndi dengu kapena jumbo, choncho "ikani m'dengu" ndi mawu amene angamve popanda womufotokozera.

Pali nkhani ya ulemu. Batani la Chingerezi limangoti "Buy", ndipo liwu limodzilo limakwanira mwana ndi mfumu yomwe. Ife tili ndi "gula" ndi "gulani". Tsamba limene lingauze bambo wa zaka makumi asanu kuti "gula" kapena "lipira" lamuyesa mwana, ndipo palibe wamalonda wa pa Ulongwe amene angalankhule chotero kwa kasitomala n'kuyembekeza kuti abweranso. M'Chiyao, chimene chimamveka ponseponse pa msika wathu, ulemu umapita patali kuposa apo, moti munthu amene uli naye maso ndi maso umamulonjera kuti "Ali uli?" ngati ukufunsa za munthu wina wolemekezeka amene palibe. Makina sadziwa amene waima kutsogolo kwake. Amene amalemba mawu a pa batani ndiye ayenera kudziwa.

Palinso vuto limene limandisangalatsa kwambiri monga wophunzira malamulo a chiyankhulo, ndilo la magulu a mayina. Wolemba mapulogalamu m'Chingerezi amakonza chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata wa nambala ndi mpata wa dzina la katundu, n'kungowonjezera "s" zinthu zikachuluka. Yesani zimenezo m'Chichewa. Timati thumba limodzi, matumba awiri; khasu limodzi, makasu awiri; njinga imodzi, njinga ziwiri; chitseko chimodzi, zitseko ziwiri; msomali umodzi, misomali iwiri. Mgwirizano sumathera pa nambala, umafika mpaka pa mneni: simenti yatha, malata atha, zitseko zatha, utoto watha. Pulogalamu imene ili ndi chiganizo chimodzi cha "yatha" idzalemba kuti "malata yatha", ndipo wogula adzadziwa nthawi yomweyo kuti akulankhula ndi mlendo. Njira yake ilipo ndipo si yovuta: katundu aliyense polembedwa m'tsambalo apatsidwe gulu la dzina lake, kuti pulogalamu izisankha yokha mperekezi woyenera. Koma mnyamata wa kompyuta sangaganize zimenezi ngati sanakhalepo m'kalasi ya Chichewa kupitirira MSCE, ndipo ife amene timakhalamo sitipita kumene iye amagwira ntchito. Chimodzimodzinso kalembedwe. Wina alemba "feteleza", wina "fetereza", wina "fetelaiza". Wina "malata", wina "marata". Ife tikudziwa kuti m'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, ndipo bokosi lofufuzira katundu liyenera kuphunzitsidwa zimenezo, apo ayi lidzauza mlimi kuti feteleza kulibe pamene matumba ali mbwee m'shopu.

Ndisamveke ngati ndikufuna Chichewa chosasakaniza, cha m'mabuku okhaokha. Pa msika palibe amene amati "makwacha zikwi zisanu ndi mazana asanu". Amati faifi sauzande faifi handiredi, ndipo pa tsamba nambala zilembedwe ngati nambala basi. Mawu monga bandulo, netiweki, ejenti ndi kutchaja analowa kale, ndipo kuwathamangitsa n'kutaya nthawi. Chikhalidwe cha bungwe lakale la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linkauza anthu mawu oyenera ndi osayenera, sichingatithandize pano. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake mu 1996 n'kutipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, inatsegula khomo la ziyankhulo zina za m'dziko muno, ndipo mzimu umenewo ndi umene ukufunika: kumvetsera kaye mmene anthu akulankhulira. Muyeso wa katundu nawonso ukhale umene anthu amagwiritsa ntchito, ndowa, mulu, thumba, botolo, osati makilogalamu okhaokha.

Chinthu china chimene amisiri a PWA amanyadira chikhoza kusanduka msampha kwathu kuno, ndipo mankhwala ake ndi mawu. Ndanena kuti tsamba limasunga zinthu m'foni n'kumatseguka popanda netiweki. Nanga ngati chimene lasunga ndi mtengo wa mwezi watha? Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu May 2022, kenaka ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, ndipo tonse tinaona mitengo ikusintha m'masiku ochepa chabe. Taganizirani mlimi amene waona mtengo pa foni, wagulitsa mbuzi, wakwera kabaza, n'kufika pa shopu kumva mtengo wina. Iye sadzanena kuti service worker inasunga zakale. Adzanena kuti mwini shopu ndi wabodza, ndipo adzauza mudzi wonse. Tsamba lokonzedwa ndi munthu woganizira wogula liyenera kulemba pafupi ndi mtengo uliwonse kuti "Mtengo uwu ndi wa Lachiwiri pa 12, imbani kaye musananyamuke." Chiganizo chimodzi chotere, cholembedwa m'chiyankhulo chimene munthu amamva, chimateteza mbiri ya bizinesi kuposa zithunzi zokongola khumi.

Chimodzimodzi ndi chilolezo chotumiza mauthenga. Foni ikafunsa ngati munthu akulola kuti tsamba lizimutumizira mauthenga, funsolo limachokera ku Chrome yeniyeniyo, m'chiyankhulo chimene foni inatcheredwa, chimene nthawi zambiri ndi Chingerezi, ndipo mwini tsamba sangalisinthe. Anthu kwathu anaphunzira, pambuyo poberedwa ndi akathyali a pa foni amene amanama kuti atumiza ndalama molakwika, kuti chilichonse chosamveka uzikana. Sindiwadzudzula. Choncho tsamba liyenera kuyamba lafotokoza lokha m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti funso likubwera, kuti silikhudza ndalama za mu akaunti, ndiponso kuti palibe amene adzafunse nambala yachinsinsi. Akalola, mwini shopu asamuvutitse ndi mauthenga tsiku ndi tsiku ngati mwana wopempha maswiti. Uthenga ubwere pamene pali nkhani.

Umboni woti chiyankhulo ndi chimene chimakoka anthu sitikuutenga kutali. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira m'boma lathu lomweli la Balaka m'chaka cha 2011, pansi pa bungwe la VillageReach, pofuna kuthandiza amayi oyembekezera ndi ana. Luso lake silinali lozizwitsa ayi: kuimba foni mwaulere ndi kulandira mauthenga. Mphamvu yake inali yoti mayi ankalankhula ndi munthu womumva m'chiyankhulo chake, ngakhale dzina lake lenilenilo linali lomveka kwa aliyense. Ntchitoyi inakula n'kufalikira dziko lonse pa nambala ya 54747, ndipo inapita m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa Ulangizi, pulogalamu yoyankha mafunso a alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ngati a zaumoyo ndi a zaulimi anaona zimenezi, amalonda akudikira chiyani? Funsoli likulemera kwambiri tikakumbukira kuti lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Pamene sukulu ikuchepetsa malo a ziyankhulo zathu, msika ndi foni ndi malo amene zingasonyezebe kuti zili ndi mtengo wake wa ndalama. Tsiku limene mwini shopu adzaone kuti tsamba la m'Chiyao lamugulitsira matumba ambiri a simenti kuposa la Chingerezi, sadzafunikanso womuphunzitsa za ufulu wa ziyankhulo.

Kwa amene sadziwa kuwerenga, PWA ikhoza kunyamula mawu ojambulidwa, aafupi, amene amasungidwa m'foni limodzi ndi zithunzi. Munthu adine chithunzi cha thumba la mbewu, amve liwu la munthu wa kwawo likutchula dzina la mbewuyo ndi nthawi imene imacha. Ntchito yojambula mawu amenewa, kusankha katchulidwe, ndi kuyesa ngati agogo a ku Kalembo akumva, ndi kafukufuku weniweni wa chiyankhulo, wofanana ndi amene timawerenga m'mabuku a akatswiri athu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a dipatimenti yathu ndi lakuti pa ntchito za kafukufuku za chaka chomaliza, ophunzira ena aziphatikizidwa awiriawiri ndi anzathu a sayansi ya makompyuta, n'kupatsidwa shopu imodzi yeniyeni. Ine ndikanasankha ya zipangizo zomangira pa Ulongwe. Ndikanakhala pakauntala sabata ziwiri ndi kope, kulemba mawu amene ogula amagwiritsa ntchito pofunsa, potsutsa mtengo, pokana mwaulemu ndi potsanzika, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, ndisanalembe batani ngakhale limodzi. Liwu loyamba limene ndikufuna kukaliyesa kumeneko ndi lolowa m'malo mwa "Install". Anzanga m'kalasi agawanika: ena akuti "Ikani pa foni", ena akuti "Sungani pa foni", ndipo mmodzi akuumirira kuti anthu amati "kudawunilodi" basi. Ine ndikukondera "Sungani", chifukwa ndi liwu limene ogula amanena kale akafuna kuti mwini shopu awapatulire katundu pambali mpaka adzabwere ndi ndalama.